Ntchito ndimayenda nayo m'chikwama, kwathu akuti ndikuthawa mudzi

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi ndili pakhonde la amayi anga kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, kufupi ndi Ulónguè, nditafunda bulangete ngakhale dzuwa lakwera kale. Ndine mayi wa zaka 34, ndili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka 7, ndipo bambo ake tidasiyana ali wakhanda. Pali yankho loti ndipereke mwezi uno usanathe, lakuti ndikhale kumudzi kuno kapena ndibwerere kuchilumba kumene ndimakhala, koma mutu wanga waima.

Ndimagwira ntchito yomasulira zikalata za Chipwitikizi ndi Chingerezi. Chingerezicho ndidachiphunzira ku Dedza, kumene ndidachita sekondale ndikukhala ndi abale. Amene amandipatsa ntchito ali ku Maputo, ku Johannesburg ndi ku Lisboa, ambiri sindidakumane nawo n'kamodzi komwe. Amatumiza chikalata pa intaneti, ndimamasulira, ndalama zimalowa kubanki. Pakakhala laputopu, magetsi ndi netiweki, ofesi yanga yakwana.

Poyamba ndinkakhala mumzinda wa Tete, ku Matundo. Amene adakhalako mwezi wa Okutobala kapena Novembala akudziwa kuti kutentha kumapitirira madigiri 40, laputopu nkumadzizimira yokha ntchito ili pakati. Kumudzi kuno vuto ndi lina. Mwana wanga ali ndi mphumu, ndipo chisanu cha Juni ndi Julaye chikayamba amagona akulira m'chifuwa ngati kamphaka. Mu 2023 ndidapita ku Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula, kukatanthauzira pa msonkhano wa sabata imodzi. Nditabwerako mtima udatsala komweko. Chakumayambiriro kwa 2024 ndidanyamula mwana ndi zikwama ziwiri, tidakakhazikika.

Ndilongosoleko pang'ono za malowa, chifukwa kwathu kuno amaganiza kuti ndimakhala m'hotela ndikusambira tsiku lonse. Ndi kachilumba kakang'ono, kutalika kwake makilomita atatu okha, ndipo m'malo ena ukaima pakati nyanja umaiona uku ndi uku. Pokafika umawoloka mlatho wopapatiza wa makilomita oposa atatu, woti galimoto zimachita kudikirana. Kumeneku ndiko kudali likulu la dziko lathu mpaka mu 1898, ndipo dzina loti Mozambique lidachokera komweko. Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, lidachiika chilumbachi m'gulu la malo ofunika kusungidwa mu 1991. Mbali imodzi kuli nyumba zakale zamiyala ndi linga la São Sebastião, mbali inayo kuli Macuti, kumene kumakhala anthu ambiri, m'nyumba zothinana zimene zili m'munsi mwa msewu. Ine ndimachita lendi zipinda ziwiri m'nyumba yakale ya makoma ochindikala, moti masana m'kati mumakhala mozizirira bwino. Ndimadzuka akamaitanira mapemphero a m'bandakucha kumzikiti, ndimagwira ntchito mpaka mwana ataweruka, madzulo timapita kugombe kukagula nsomba asodzi akamakocheza ngalawa zawo zamatanga. Chaka ndi theka chathachi mwanayu adabanikapo kawiri kokha. Ndinene zoona, inenso ndidapezako mtendere. Kulibe wondifunsa kuti ndikwatiwanso liti, kulibe wowerenga zimene ndagula pamsika.

Zowawa ziliko ndithu. Mphepo yamchere imadya zitsulo, laputopu yanga yoyamba idachita dzimbiri m'kati isanathe chaka. Madzi amavuta, udzudzu ndi wosayamba, malungo tadwalapo tonse awiri. Anthu ake ndi aulemu koma amayankhula Chimakuwa, ndipo pamatha mwezi wathunthu ndisanayankhule Chichewa ndi munthu maso ndi maso, kupatula mwana wangayo, amenenso masiku ano amandiyankha m'Chipwitikizi. Zonsezi ndidazivomera, poti walira mvula walira matope.

Chimene sindidachikonzekere chidachitika mu Malichi 2025. Namondwe Jude adaomba m'boma la Mossuril, pafupi ndi ife pomwepo. Magetsi adazima, netiweki idasowa kwa masiku angapo, misewu idaduka. M'masiku omwewo mayi anga aang'ono, amene adandilera ku Dedza, adamwalira kuno kumudzi. Foni itayambanso kugwira ndidapeza mauthenga ali mbwee, womalizira wake wondiuza kuti aika kale. Ngakhale ndikadamva tsiku lomwelo sindikadafika. Pamsewu ndi ulendo wa masiku awiri zinthu zikayenda bwino: shapa (minibasi) mpaka Nampula, kenako Mocuba, Milange, kudutsa m'Malawi, nkudzalowanso kwathu pa Calómuè. Ndidalira ndekha m'chipinda, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti malemuwo adali ndani kwa ine.

Tabwera tsopano pa tchuthi cha sukulu kudzaona manda ndi kupepesa maliro. Lamlungu lapitali titachoka kutchalitchi, amalume, amene ndiwo mwini mbumba, adaitanitsa abale pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Sadakalipe. Adayankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kudandilasa. Adati: "Agogo ako ankapita ku Joni pa Wenela, tidawamvetsa. Mlongo wako ali kumalasha ku Moatize, amabwera kamodzi pachaka, timamumvetsa, chifukwa malasha sangawanyamule kubwera nawo kuno. Iwe ntchito yako ili m'chikwama. Kunyanjako wakuitana ndani?"

Ndidasowa choyankha. Amayi adakhala chete mpaka usiku, tili awiri kukhitchini akusenda mbatata ya kachewere. Ndipo adati: "Ife tidathawa mfuti iwe uli m'mimba. Titabwerako tidapeza munda uli thengo, ndidazula zitsa ndi manja angawa uli kumbuyo. Nanga iwe mwana wanga, ukuthawa chiyani?" Amanena za nkhondo imene idatha mu 1992, imene idathamangitsira anthu ambiri a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ine ndidabadwira kothawirako. Munda umene amanenawo ndi wa agogo anga aakazi, ndipo mwa mwambo wathu wa Achewa uyenera kugwera ine, poti ndine mwana wamkazi wamkulu. Mng'ono wanga adatengedwa chitengwa ku Tsangano, sangabwerere.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, Azakhali. Ndinkaganiza kuti ntchito yosamangirira munthu pamalo amodzi ndi ufulu. Ndaona kuti yandilanda chodzikanira. Wopita kumigodi amati njala yandithamangitsa, ndipo mudzi umamudalitsa ponyamuka. Ine ndikanyamuka, aliyense akudziwa kuti ndachita kusankha. Ndidayesa kunena za netiweki yofooka ya kumudzi, koma msuweni wanga adandidula pakamwa, akuti masiku ano anthu akugula Starlink, intaneti ya pa setelaiti, ndi sola, bwanji osaika padenga la amayi. Sakunama, ndalama yake ndingaipeze m'miyezi ingapo. Ndidanena za mphumu ya mwana, iwo akuti ana ambiri akula nayo konkuno, mugulire majuzi. Pamenepo mtima udandipweteka, chifukwa wogona m'maso kumvetsera mpweya wa mwanayo ndine, ndipo chibwerereni sabata ziwiri zapitazo wayambiranso kutsokomola usiku.

Komanso sindingawanamizire amalume kuti akulakwitsa zonse. Mwezi uliwonse ndimatumiza ndalama pa M-Pesa, za fetereza, za aganyu, za mankhwala a BP a amayi, ndipo ndinkadziona ngati mwana wosamala. Nditafika ndidapeza mankhwalawo amamwa mwa apo ndi apo, akamva mutu pokhapokha, chifukwa palibe wowakumbutsa. Madzi amawatungira mwana wa aneba. Ndipo tsiku loyamba agogo atafunsa mdzukulu wawo kuti wadzuka bwanji, mwanayo adandiyang'ana ine kuti ndimumasulire. Ine amene ndimadya za kumasulira, kumasulira pakati pa mayi anga ndi mwana wanga! Usiku umenewo sindidagone.

Njira zina ndaziyesa kale m'mutu. Ndidawapempha amayi kuti tipitire limodzi. Adakana, akuti sangasiye manda a amuna awo ndi nkhokwe zawo kukakhala pamwala wozunguliridwa ndi madzi, ndipo mlatho umenewo atangouona pa foni adagwira pamtima. Ndidaganiza zogawa chaka, kuti dzinja, nyengo ya anamondwe kunyanja komanso ya ulimi kuno, ndizikhala kumudzi, chisanu chikayamba ndizipita kuchilumba. Kwa ine ndekha zikadatheka, koma sukulu imatsegulira mu Febuluwale mpaka kumapeto kwa chaka, mwana sangamaphunzire theka uku theka uko. Kumusiya ndi agogo ake ndiye kumusiya m'chisanu chomwe ndidamuthawitsacho. Kubwerera ku Tete mumzinda kungandiyandikizitse, ndi ulendo wa maola ochepa pa shapa, koma kutentha ndi fumbi lake ndikuzidziwa, ndipo ndikuopa kuti ndidzakhala ndi kamtima kowawira amayi, chinthu chimene sindikufuna m'pang'ono pomwe.

Eni nyumba ya kuchilumba akufuna tisainirane zaka ziwiri, apo ayi aipereka kwa mzungu wina amene akufuna kuisandutsa malo ogona alendo. Nyumba yotchipa ngati imeneyo sindidzaipezanso kumeneko.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi mwana wamkazi amene wasankha kukhala kutali, popanda chomukakamiza chooneka ndi maso, wataya mbumba yake? Ngati ndibwerere kuchilumba, ndiwauze bwanji amalume kuti asaone ngati sukulu yandipatsa mwano, nanga amayi ndiwasiye m'manja mwa ndani kuti ndisamangodzitonthoza ndi ndalama za pa foni? Mukaona kuti choyenera n'kukhala kuno, mundiuze mosabisa, koma mundiuzenso chochita ndi chifuwa cha mwanayu Juni akadzafikanso. Funso la amayi lija sindinaliyankhe mpaka lero, ndipo m'mawa uliwonse akamandipatsa phala amandiyang'ana modikira. Eni nyumba ndidawalonjeza kuti ndiwaimbira pa 30.

Ine wothedwa nzeru,
Ulónguè, Angónia