Makampani a mafilimu a pa intaneti akupondana pakona imodzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa madandaulo a makampani oonetsa mafilimu pa intaneti, oti msika wadzaza ndipo phindu silikuoneka. Ine ndikuti msika sunadzaze. Onse aunjikana pamalo amodzi, pomwe pali anthu a makhadi a kubanki ndi intaneti ya m'nyumba, ngati ogulitsa kachewere amene andandalika m'mbali mwa msewu kudikira galimoto imodzi.

Kuti zikuwavuta sindikutsutsa. Showmax inayamba mu 2015, Netflix n'kufika kuno ku Mozambique mu January 2016. Netflix yomweyo inayesa kuonetsa ulere pafoni ku Kenya mu 2021, koma pofika 2023 inali itagwa ulesi. Amazon inasiya kulipirira mafilimu atsopano a kuno ku Africa kumayambiriro kwa 2024. MultiChoice, mwini DStv ndi GOtv, inataya makasitomala oposa 1 miliyoni m'chaka chomwe chinatha mu March 2025, kenaka n'kugulidwa ndi Canal+ ya ku France. Mpira wa ku Ulaya ndi mafilimu akunja amagula ndi madola, pomwe ambiri mwa olipira ali ndi naira kapena kwacha zomwe zinatsika mphamvu. Abale athu a ku Malawi akukumbukira momwe DStv inachokera mu 2023 atakangana pa mitengo ndi MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga kumeneko, isanabwererenso.

Koma kodi akuluakuluwa anayamba afunsapo kuti munthu wa ku Domwe kapena ku Tsangano, kuno kwathu m'chigawo cha Tete, amaonera bwanji kanema? Iyeyu akafuna Netflix ayenera kulipira kawiri: ya mwezi, ndi mamega a Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Ola limodzi la filimu yooneka bwino limatha kudya magiga atatu. Si pachabe achinyamata anakwiya mu 2024 pamene INCM, bungwe loyang'anira za mauthenga kuno ku Mozambique, inasintha mitengo ya intaneti, mpaka chigamulocho chinaimitsidwa. Ndalama za munthu wakumudziyu zimakhala pafoni, mu e-Mola kapena M-Pesa, khadi la kubanki alibe. Foni amatchaja pa sola, ngakhale damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi ndipo magetsi ake ambiri amalowera ku South Africa. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndiye pali chilankhulo. Agogo sangawerenge timawu ta Chipwitikizi tothamanga m'munsi mwa filimu. Ngakhale ife tinapitako kusukulu timatopa nato.

Amene akudya bwino msikawu ndi anyamata a m'timabaraka, aja oika mafilimu mu memori khadi. Ndi tindalama tochepa munthu amatenga mafilimu a sabata yonse, ena omasuliridwa m'Chichewa ochokera kutsidya kwa malire, n'kukaonera kumudzi komwe netiweki imachita kusakidwa pachulu. Sindikuwayamikira ayi, ndi kuba kumene, ndipo wosewera amene anatuluka thukuta sapezapo kanthu. Komabe mtengo, chilankhulo ndi vuto la netiweki anazithetsa kalekale, pamene makampani a mabiliyoni akadali pamisonkhano. Mpira nawonso anthu amalipira ndithu, kungoti amalipira pakhomo la holo ya vidiyo, gemu imodziimodzi, tsiku lomwe ndalama yapezeka. Mlimi amagwira ndalama akagulitsa fodya kapena soya, osati pa 30 paliponse.

Showmax itayambitsa phukusi la Premier League la pafoni pokha mu 2024, ndinaona kuti alipo wina wayamba kumvetsa. Makampaniwa apitirire pamenepo. Atigulitse phukusi la tsiku kapena la sabata, mamega ali momwemo, lolipira pa e-Mola ndi M-Pesa. Agule masewero a achinyamata a ku Ulongwe, Moatize ndi mumzinda wa Tete, omwe pakali pano amangowataya ulere pa YouTube ndi TikTok, ndipo mafilimu akunja awamasulire m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe mwachilolezo.

Ine wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia