Tikumane Loweruka pa nkhani ya malaibulale

Abale ndi alongo a gulu lathu la owerenga,

Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, tikumane pamalo athu a nthawi zonse. Tikalembera limodzi kalata yopita ku National Library Service, bungwe loyendetsa malaibulale a boma lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967.

Pempho lathu lalikulu ndi loti mndandanda wa mabuku a nthambi zonse ukhale umodzi pa intaneti, kuti munthu wa ku Mzuzu adziwire pafoni kuti buku akulifunalo lili ku Blantyre. Tipemphenso sola ndi makompyuta. Sabata yatha ndidaona ana asanu a Fomu 4 atapanikizana pa kompyuta imodzi, wina akukopera mafunso a MSCE m'kope mwachangu poopa kuti magetsi azima. Zidandikhudza kwambiri.

Chonde bwerani ndi maganizo anu, komanso mabuku omwe ana anu adamaliza kuwerenga.