Kwa eni shopu ya zida zoimbira: nsambo zimene munandiikira zawononga koni ya gitala yanga

Akuluakulu, ndalemba patsamba lanu lino, pamene aliyense aone, chifukwa ku WhatsApp mauthenga anga mumangowerenga osayankha, ndipo ndikabwera ku shopu ndimauzidwa kuti abwana angotuluka kumene.

Gitala yanga ndi ya resonator, mtundu umene mawu ake amakuzidwa ndi koni, kambale ka aluminiyamu kokhala m'kati mwa gitala, ya khosi lozungulira, ya koni imodzi yokhala ndi kathabwa pansonga pake, kamene oimba amati biscuit. Ndimaimba ndi botolo kuchala, kaimbidwe kamene akuluakulu athu kuno ankati hauyani, ndipo ndimachuna pa open E, kutanthauza E B E G# B E kuyambira nsambo yaikulu. Zonsezi ndinamufotokozera mnyamata wa pakauntala. Iye sanachedwe, anatsitsa paketi yolembedwa kuti resonator, ya .016 mpaka .056 (manambala osonyeza kunenepa kwa nsambo, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu), nati za gitala yotere ndi zimenezi basi. Amene anaziika ndi mmisiri wanu, m'shopu mwanu momwemo. Anachotsa zakale zonse nthawi imodzi, n'kuika zatsopanozo, n'kukoka mpaka open E. Ndinalipira nsambo, ndinalipira ntchito, malisiti onse ndili nawo.

Sabata isanathe nsambo yachitatu inaduka. Kenako zing'onozing'ono zinayamba kutsika n'kumakhudza mafreti, tizitsulo topingasa ta pakhosi la gitala, mawu n'kumalira ngati chitini chobooka. Nditamasula chivundikiro ndinapeza koni yapindika n'kulowa m'kati mbali ya nsambo zing'onozing'ono. Yankho limene ndinalandira pakauntala ndi lakuti paketi ikatsegulidwa simubweza, komanso kuti mwina gitala yanga inali yofooka kale. Gitala imeneyi yakhala ikuimba zaka, osadandaula.

Ndikufuna mumvetse chimene chinachitika, chifukwa zikuoneka kuti kwa inu mawu akuti resonator ndi gitala imodzi. Paketi ya .016 mpaka .056 anaipangira gitala ya khosi la ngodya zinayi, imene amaigoneka pamiyendo n'kumaiimba ndi kachitsulo, monga amachitira oimba bluegrass ku America pa gitala yotchedwa Dobro. Imeneyo amaichuna G B D G B D. Khosi lake ndi chipika chosapindika wamba, nsambo zake zili m'mwamba kutali ndi mafreti, ndipo kawirikawiri koni yake ndi ya mtundu wina, ya spider, imene miyendo yachitsulo imagawa kulemera m'mphepete mwa koni. Pa kachunidwe kameneko nsambo yoyamba imangofika pa D. N'chifukwa chake imakhala yonenepa choncho, kuti isamalobodoke kachitsulo kakaikanikiza.

Tsopano tengani nsambo yomweyo ya .016 muikweze kufika pa E. Mwakwera mafreti awiri okha, koma kukoka kwake kwawonjezeka ndi pafupifupi 26 peresenti, chifukwa kukoka kwa nsambo kumakwera msanga kuposa mawu ake. Yachinayi, imene inayenera kukhala pa D, nayonso yapita pa E, 26 peresenti inanso. Yachitatu, yokulungidwa ija ya .028, yachoka pa G kupita pa G#, yawonjezera pafupifupi 12 peresenti, chikhalirecho pa G pomwepo imakhala itakokeka kale kwambiri. Imene inapuma ndi yaikulu yokha, imene inatsika kuchoka pa G kufika pa E. Ndiye katundu wolemera anapendekera mbali imodzi, ndipo yense anatsikira pa kathabwa kamodzi kokhala pansonga pa koni ya aluminiyamu yopyapyala moti mukhoza kuifinya ndi zala. Mbali imene inapindika ndi yomweyo imene masamuwa akuloza. Apa palibe za ufiti.

Sindikunena kuti nsambo zonenepa n'zoipa. Resonator imafuna nsambo zolemerako kuti koni igwedezeke bwino, ndipo zopyapyala kwambiri zimangoipangitsa kunjenjemera, botolo n'kumagunda mafreti. Ndikanakhala wa open G, D G D G B D, kapena open D, D A D F# A D, kumene nsambo zimatsitsidwa kuchoka pa kachunidwe ka masiku onse, mukanandipatsa .013 mpaka .056 ndikanathokoza. Ambiri amafika pochotsa yoyambayo n'kuikapo .015 kapena .016, poti ikukakhala pa D. Koma open E ndi open A zimakweza nsambo, ndiye munthu amatsika geji, kutanthauza kutenga nsambo zopyapyalako, cha ku .012 mpaka .053, kapena amachuna open D kapena open G n'kumanga kapo, kachida kopana nsambo zonse, pa freti yachiwiri kuti apeze mawu omwewo gitala isakuvutika. Wogulitsa nsambo ayenera kudziwa zimenezi, ndipo ngati sadziwa afunse. Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndinu, phula ndadya ine.

Chinanso n'chakuti pa gitala yotere koni ndi kathabwa kake sizimatidwa ndi guluu ku thupi la gitala. Zimakhala pamalo pake chifukwa nsambo zikuzikanikiza. Ndiye nsambo amasintha imodzi imodzi. Mukachotsa zonse, koni imatha kusuntha n'kukhala mopendama, ndipo mukakoka zatsopano ili choncho, mwaithyola nokha. Ndinaona mmisiri wanu akuzidula zonse ndi pulayala, ndinafunsa, anandiyankha kuti ntchitoyi sanayambe lero. Mwina pa magitala wamba a bokosi ndi katswiridi, sindikutsutsa.

Koni sichinthu chimene munthu angachipeze pamsika kapena kukachisulitsa kwa osula ndowa. Imachita kuitanitsidwa kunja, ndipo inu amene mumaitanitsa katundu mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira ndi mmene mtengo wotumizira ukuwawira. Pakadali pano gitala ili m'chikwama, ntchito zimene ndinalonjeza anthu ndikubweza.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Mundiitanitsire koni yatsopano pa ndalama zanu, ya biscuit ya mainchesi 9.5, osati ya spider ya 10.5, chifukwa ndikuopa kuti mubweretsanso chilichonse cholembedwa resonator. Mundibwezere ndalama ya ntchito ija, ndipo m'malo mwa paketi yolakwikayo mundipatse ya .012. Yoika koniyo ndidzapeza ndekha. Kwa makasitomala ena amene akubwera m'mbuyo mwanga, auzeni anyamata anu kuti asanatsitse paketi azifunsa ngati khosi ndi lozungulira kapena la ngodya, komanso munthuyo amachuna bwanji. Muyambenso kugulitsa nsambo imodzi imodzi, poti oimba ndi botolo nthawi zambiri timangofuna kusintha yoyamba yokha, osati kugula paketi yonse.

Zithunzi za koni, paketi ndi malisiti ndaziika m'munsimu. Ndiyankheni pompano pagulu, osati kundiuza kuti ndibwere ku inbox kumene mwakhala mukundisiya. Mwezi uno ukatha tisanamvane, nkhaniyi ndikaitula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, pamodzi ndi mapepala onsewa.