Okwera njinga ku Kasungu, samalani mabuleki ndi nambala ya felemu

Akonzi,

Ndife okonza njinga zakapalasa m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Kasungu. Tikupempha kadanga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi akabaza, alimi ndi makolo a ana opita kusukulu pa njinga, makamaka nyengo ya msika wa fodya pamene malole a mabelo akupikisana kuthamangira ku Chinkhoma.

Njinga zambiri zimene zimabwera kwa ife zopanda mabuleki, vuto silinayambire pa buleki koma pa sipoko. Sipoko imodzi ikaduka, limu imayamba kuyenda mokhotakhota n'kumakhula labala la buleki. M'malo moika sipoko ina, mwini amamasula ndodo ya buleki kuti phokoso lithe. Sabata yotsatira zinzake zoyandikana nayo zimaduka chifukwa cholemedwa, iye n'kumasulanso. Mapeto ake munthu amafinya buleki mpaka kukagunda pa handulo njinga ikupitirira, ndiye amayamba kuimitsa ndi patapata pa tayala. Pamtsetse, thumba la chimanga lili pa keliyala, patapata saimitsa kanthu.

Kuyesa n'kosavuta. Nyamulani gudumu, lizungulitseni, muone ngati limu ikuyenda mowongoka. Pakati pa labala ndi limu pazikhala kampata ka mamilimita 2 kapena 3 basi, ndipo buleki izigwira musanafinye theka. Onaninso kachitsulo kamene labalalo limalowamo: kali ndi mbali yotseka ndi yotsegula. Yotseka iyang'ane kumene limu ikupita ikamazungulira. Mukatembenuza, limu imakoka labala n'kulitaya pamsewu pa nthawi yomwe mwalifuna kwambiri. Limu yachitsulo ikanyowa ndi mvula imatereranso, choncho yambani kufinya mudakali patali kuti madzi apukutike kaye. Ndipo oyilo asakhudze limu. Enanu mumathira oyilo wakutha wa m'galimoto pa tcheni mpaka kudontha. Ndi mchenga wa kuno, oyiloyo amasanduka phala lodya tcheni ndi fuliwiro. Madontho ochepa akwana, otsalawo pukutani ndi kansanza.

Tcheni izigwedera pafupifupi sentimita imodzi mukaikankha ndi chala pakati. Ikalendewera imavuka mukupalasa mwamphamvu. Kotapini, kachitsulo kogwira mkono wa pedulo, ikamagwedera muikhome ndi hamala kenako mumange nati. Kukoka ndi nati yokha kumangodula mazinga. Foloko muziiyang'ana pamwamba pomwe miyendo yake iwiri yakumana. Mukaona kamng'alu pamenepo kapena penti itasweka mozungulira, musakwerenso, chifukwa foloko ikathyoka munthu amayambira nkhope kufika pansi.

Za katundu sitingauze mlimi kuti asanyamule, njinga ndiyo ngolo yake. Koma cholemera chikhale pamwamba penipeni pa ekiselo ya gudumu lakumbuyo. Chikapitirira m'mbuyo, gudumu lakutsogolo limapepuka ndipo handulo simveranso. Matumba a makala kapena malata opingasa amalowa mumsewu kuposa mmene wokwera akuganizira, galimoto imakola katunduyo osati njinga. Mwana amene mwamukweza kumbuyo akhale ndi popondera, apo ayi chidendene chimalowa m'masipoko. Wovala chitenje nayenso achipinde asanakhale.

Pali chisokonezo china chimene chafala. Woyenda pansi ndiye amayenda kumanja moyang'anizana ndi magalimoto. Wapanjinga malo ake ndi kumanzere, kulowera kumodzi ndi magalimoto, mmodzi kutsogolo wina pambuyo, osati awiri mogundana mapewa mukukamba za mtengo wa soya. Lole ikamakudutsani, gwirani handulo ndi manja onse awiri chifukwa mphepo yake imayamba yakukankhani kenako n'kukukokerani ku matayala. Musabwerere pa tala mutu wa lole utangodutsa, ngolo yake ikubwera, ndipo pokhota ngoloyo imadula mkati. Pokhotera kumanja, chewukani, tambasulani dzanja, ndipo ngati mwalemedwa tsikani muwoloke mukukankha. Palibe manyazi pamenepo.

Usiku wapanjinga amaona nyali za galimoto n'kumayesa kuti dalaivala nayenso akumuona. Sakumuona, makamaka pamene galimoto ina ikuchokera kutsogolo n'kumuthobwa m'maso. Pamafunika nyali yoyera kutsogolo, chonyezimira chofiira kumbuyo, ndi chovala chowala. Chonyezimira chikabisika ndi thumba, mangani china pa thumbapo. Tochi ya foni yogwirira m'manja imakulandani dzanja la buleki.

Tsopano za akuba. Loko yozungulira ija yobwera ndi njinga imangoletsa gudumu kuzungulira. Wakuba amanyamula kumbuyo n'kumakankha ngati ikupita kwa okonza, anthu akuona. Kawaya kopyapyala kokutidwa ndi pulasitiki kamaduka ndi pulayazi. Chofunika ndi unyolo wokhuthala wa mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, wolowetsedwa m'chubu chakutha kuti usakande penti, ndi loko yolimba. Unyolowo udutse mkati mwa felemu ndi gudumu lakumbuyo, uzungulire mzati kapena mtengo umene sungazulidwe ndiponso njinga singatulukire pamwamba pake. Womanga gudumu lakutsogolo lokha amapeza gudumulo likumudikira, chifukwa manati awiri okha ndiwo amaligwira. Loko isagone pansi, pamenepo amaiphwanyira ndi mwala. Kumsika, kuchipatala, kuchigayo ndi kumaliro, "ndingolowa pang'ono" ndiye mawu amene amatayitsa njinga. Komwe kuli osunga njinga lipirani, mulandire kachizindikiro. Kunyumba njinga igone m'nyumba, osati pakhonde kapena m'chigafa. Akabaza, kasitomala wosamudziwa wokutengerani njira yakutchire kukada, ngakhale atchule ndalama yokoma, mukaneni kapena mupite awiri.

Chimene chimatipweteka mtima n'chakuti eni njinga ambiri sadziwa nambala ya felemu yawo. Njinga yobedwa sichedwa kusintha nkhope: aipenta, asintha sadulo, madigadi ndi keliyala, mwini n'kuidutsa pamsika osaizindikira. Ngakhale itapezeka kupolisi, mawu oti "yanga ndi yakuda ya Hero" si umboni, zakuda za Hero zili mbwee. Nambala ija imakhala yodindidwa pa chitsulo, kawirikawiri pansi pa sadulo pomwe mapaipi akumana, kapena kunsi kwa felemu pakati pa mapedulo. Pukutani, lembani m'kope, jambulani ndi foni, musunge pamodzi ndi lisiti. Onjezani chizindikiro chanuchanu chobisika: lembani dzina ndi mudzi pa kapepala, kulungani m'pulasitiki, zulani chitsulo cha sadulo muponye mkati mwa felemu. Wakuba sasuzumira m'menemo.

Ikabedwa, kanenani kupolisi tsiku lomwelo muli ndi nambalayo, dziwitsani amfumu ndi apolisi a m'mudzi, ndipo musaiwale ife okonza, kuyambira pa Boma mpaka ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, chifukwa njinga zotere zimadzera m'manja mwathu kudzasinthitsa zipangizo. Anzathu a ntchitoyi, munthu akabwera ndi felemu yopalidwa nambala kapena akufuna penti yamwadzidzidzi pa njinga yabwinobwino, funsani mafunso. Ogula njinga yogwirapo ntchito, lemberanani kalata yokhala ndi nambala ya felemu, nambala ya chiphaso cha unzika cha wogulitsa ndi mboni ziwiri. Kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu. Eni masitolo nawo tikuwapempha kuti azilemba nambala ya felemu pa lisiti iliyonse wogula asanatuluke.

Ife,
Okonza njinga,
Kasungu.