Dandaulo langa: ndalama munalandira, preceptor sakuoneka

Kwa Mkulu wa Kampani,

Ndalemba kalatayi chifukwa kuimba foni kwanditopetsa. Mafomu anga ndi risiti muli nazo, ndiye sindichita kubwereza zonse. Ndine namwino, ndikuchita DNP (digiri ya udokotala pa unamwino) ya family nurse practitioner, namwino woona odwala a misinkhu yonse, kuno ku Indiana, ndipo ndinakulipirani kuti mundipezere preceptor, katswiri wondiyang'anira pophunzira ntchito kuchipatala, wa matenda a ana.

Inu nomwe mukudziwa kuti digiri imeneyi imafuna maola 1,000 ophunzira pogwira ntchito, komanso kuti munthu saloledwa kulemba mayeso a AANP kapena ANCC, mabungwe opereka satifiketi ya ntchitoyi, asanakwanitse maola ake akuchipatala. Ife a family timayenera kuona odwala onse, kuyambira khanda mpaka agogo. Maola a akuluakulu ndinamaliza kalekale. Atsala a ana okha, omwe malo ake amavuta kupeza, n'chifukwa chake ndinatulutsa madola anga.

Tsono munanditumiza kukiliniki ina kutali. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, n'kulawira kusanache m'chipale chofewa, yunifolomu yosita, stethoscope m'khosi. Mayi wapakhomo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, amvekere dokotala amene ndikumutchulayo anasiya ntchito chaka chatha. Ulendo wina munandipatsa preceptor wa matenda a maganizo, sukulu inakana pomwepo. Kodi mafomu timadzaza aja alipo amawawerenga kumeneko?

Koma chimene chandipweteka mtima zedi ndi mtsikana wanu wapafoni. Nditamufotokozera mwaulemu kuti semesita ikutha, anayamba waseka, kenako akuti, "Mukufuna kutchedwa dokotala koma kudikira kukukukanikani? Si inu nokha wophunzira mu America muno." Ndisanayankhe, foni anadula. Ine ndinayamba kubaya jakisoni iyeyo asanayambe sukulu! Ngati ndi mmene mumawaphunzitsira kulandira makasitomala, zikomo kwambiri, aphunzira bwino.

Pano semesita yapita, kosi yomweyo ndilipiranso fizi, ndipo anzanga amene tinayambira limodzi amaliza ine ndisanamalize.

Pofika kumapeto kwa mwezi uno, ndikufuna dzina la preceptor wa ana amene wavomera polemba, ndi mgwirizano wosainidwa ndi sukulu yanga. Apo ayi, mundibwezere ndalama zanga zonse, osadulapo. Mukakhala chete ndipita kubanki kuti andibwezere, ndikadandaula ku Better Business Bureau, bungwe lolandira madandaulo a makasitomala, ndipo anamwino anzanga pa gulu lathu la WhatsApp ndiwauza asayerekeze kukupatsani ndalama. Mundiyankhe pa imelo, osati pafoni.

Ine,
Namwino wodandaula,
South Bend, Indiana