Kalata kwa Nduna ya za Maphunziro: ana a m'sukulu zoyendera akutsekeredwa khomo ali Fomu 3

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa Chemistry ndi Biology pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, kutali ndi msewu wa tala. Chaka ndi chaka timamva pa wailesi akuluakulu a unduna wanu akulimbikitsa atsikana ndi ana a kumudzi kuti azikonda sayansi, zamakono ndi zaluso. Mawuwo ndi abwino, sitikuwatsutsa. Koma ana amene ndimaphunzitsa sakusowa chilimbikitso. Mukafunsa kalasi ya Fomu 1 kuti ndani akufuna kudzakhala dokotala kapena injiniya, manja amakwera pafupifupi onse, a atsikana omwe. Mukawafunsanso ana omwewo ali Fomu 3, mumangoona mitu ili pansi. Zomwe zimachitika pakati pamenepo ndizo ndikufuna muzimve.

Sukulu zoyenderazi, ma CDSS, zinayamba mu 1998 boma litasandutsa malo a MCDE, a maphunziro a m'makalata, kukhala masekondale, pofuna kulandira chinamtindi cha ana amene pulayimale yaulere ya 1994 inawalowetsa m'kalasi. Maganizo ake anali abwino. Lero ana ambiri a m'masekondale a boma ali m'sukulu zimenezi: ana a alimi, a asodzi, a amayi ogulitsa tomato pamsika. Koma zambiri zinatsegulidwa popanda labotale, popanda laibulale, zina popanda magetsi, ndipo zilipo zochuluka zomwe mpaka pano zikadali choncho. Komabe mwana wa kuno amalemba mayeso a MANEB omwewo amene amalemba mnzake wa pa sukulu yogonera komweko ya boma kapena ya mishoni, ndipo posankha opita ku yunivesite magiredi ake amaikidwa pa sikelo yomweyo.

Mayeso a MSCE a Physics, Chemistry ndi Biology ali ndi pepala la pulakitiko. Ine burette, kachubu kagalasi koyezera asidi kokhala ndi kampopi kunsi, ndimachita kuijambula pa bolodi ndi choko. Ndimawauza ana kuti mukadontheza asidi pang'onopang'ono, mtundu wa pinki uzimiririka, ndiye mutseke kampopi msangamsanga. Iwo amalemba, nkuloweza. Tsiku la mayeso mwana uja amagwira burette yeniyeni koyamba m'moyo wake, manja akunjenjemera, woyang'anira mayeso ali chilili pambali. Akatsegula kampopi, asidi yense amakhuthukira m'botolo nthawi imodzi. Zotsatira zikatuluka timati mwanayo sayansi siimuyanja.

Mwina mundikumbutsa za TALULAR, yoti tiziphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo. Timachitadi, ndipo ndimaikonda. Ndimawiritsa chidede nkugawa madzi ake ofiirawo m'makapu. Tikafinyiramo ndimu, kufiira kuja kumawala. Tikathiramo chidulo, chomwechi amayi amaphikira therere, madzi aja amasanduka obiriwira modera. Phunziro limeneli atsikana ndiwo amalitsogolera, chifukwa kucheza chidulo amakudziwa kuposa ine, ndipo mumaona nkhope zawo zikusintha akazindikira kuti alkali wa m'buku uja amamusefa okha kukhitchini. Koma chidede sichingaphunzitse mwana kuyeza 25 cm³ molondola, ndipo tsamba la anyezi silingaonetse maselo ake popanda maikulosikopu. TALULAR inabwera kudzathandiza labotale. Masiku ano ikukhala ngati yankho lokonzeratu kwa aliyense wofunsa kuti labotale ili kuti.

Pofika Fomu 3, pomwe ana amasankha maphunziro, khomo limatsekeka mwakachetechete. Sukulu yopanda mphunzitsi wa Physics imangolichotsa phunzirolo pa ndandanda. Kwina lilipo, koma ana ooneka ofooka amalangizidwa kuti alisiye, poopa kuti angatsitse chiwerengero cha okhoza, ndipo oyamba kulangizidwa motero amakhala atsikana. Palibe amamufotokozera mwana wa zaka 15 kapena 16 kuti akasiya Physics ndi Chemistry lero, ndiye kuti za uinjiniya ku MUBAS, za udokotala ku KUHeS ndi maphunziro ambiri a ku MUST wazitsanzikiratu. Amadzazindikira pomwe akulemba mafomu a NCHE ofunsira malo ku yunivesite, madzi atafika kale m'khosi.

Aphunzitsi a sayansi dziko lino likuwasula ndithu, ku Domasi, ku Nalikule ndi m'mayunivesite. Vuto ndi kuwasunga kumudzi. Mnyamata wa digiri akafika nkupeza kuti nyumba palibe, magetsi palibe, netiweki mpaka akwere pachulu, teremu isanathe wayamba kale kulemba makalata opempha kusamuka. Sindimuweruza. Ifenso otsalira timapita ku maphunziro a SMASSE osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi, timaphunzira njira zabwino zedi, nkubwerera ku kabati yomwe mankhwala ake anatha mphamvu kalekale.

Kwa mtsikana pali mtolo wina pamwamba pa zonsezi. Ambiri amachokera kutali, ndiye amachita lendi tizipinda pafupi ndi msika, kumene zidyamakanda sizisowa. Malamulo ake tili nawo: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993. Koma wobwererayo amapeza masamu atamuthawa, popanda womuthandiza kuwapeza, ndipo malangizo omwe amalandira ndi omwe aja, akuti tenga zosavuta. Ana osaona ndi osamva ndiye amauzidwa zimenezi asanayambe nkomwe. Koleji ya Montfort ku Nguludi imaphunzitsa aphunzitsi awo, koma mphunzitsi wodziwa Braille kapena chinenero chamanja amene angathenso kuphunzitsa Chemistry wa Fomu 4 ndi wosowa kwambiri.

Pa misonkhano timakonda kutchula William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Timamutchula ngati umboni woti mwana wolimbikira amapambana. Ine nkhani yake ndimaimva mwina. Anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002 chifukwa cha fizi, ndipo chomwe chinamupulumutsa ndi kalaibulale kakang'ono komwe anapezamo mabuku a sayansi okhala ndi zithunzi. Khama anali nalo kale, ngati momwe alili nalo ana ambiri a m'kalasi mwanga. Iye anapeza shelefu ya mabuku pafupi ndi kwawo.

Sindikunena kuti palibe chomwe chachitika. MUST inatsegulidwa ku Ndata ku Thyolo mu 2014, ndipo motsogozedwa ndi Pulofesa Address Malata yakhala ikuitana atsikana a sekondale ku misasa ya sayansi nthawi ya tchuthi. African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa za tindege topanda woyendetsa, inayamba mu 2020. Mayi Rachel Sibande anayambitsa mHub ku Lilongwe, komwe achinyamata amaphunzira kupanga mapulogalamu a kompyuta. Zonsezi nzonyaditsa. Koma msasa umatenga atsikana ochepa kwa masiku ochepa, ndipo malo enawo amalandira amene anadutsa kale pa khomo lija. Mwana amene sanagwirepo kompyuta mpaka Fomu 4 sadziwa nkomwe kuti kuli zoterezi.

Za zaluso ndiye timangozitchula pothera pa chiganizo. Ku pulayimale kuli Expressive Arts, koma mwana akalowa sekondale yoyendera zojambula, nyimbo ndi zisudzo zimasanduka zochita Lachisanu masana, ngati pali mphunzitsi wodzipereka. Chonsecho UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006, ndi Tchopa mu 2014. Ku Mua, malo a Kungoni asula osema ziboliboli amene ntchito zawo zili m'matchalitchi a kunja. Ku Zomba ndi ku Ndata kuli madigiri a zaluso. Nanga ana oti akalowe kumeneko achokera kuti? Mnyamata amene amalangidwa chifukwa chojambula kumapeto kwa kope ndi yemweyo amandijambulira mtima wa munthu bwino kuposa wa m'buku, ndipo ndi maso omwewo amene amafunika kwa wojambula mapulani a nyumba.

Pempho langa loyamba silifuna ndalama zambiri. Unduna wanu uzitulutsa poyera chaka chilichonse, boma ndi boma, kuti ndi ma CDSS angati amene akuphunzitsa Physics ndi Chemistry mpaka Fomu 4, angati ali ndi labotale yogwira ntchito, ndiponso kuti mwa osankhidwa kukachita za sayansi ndi zaluso m'mayunivesite a boma, ndi angati achokera m'sukulu zoyendera, atsikana angati, olumala angati. Aphungu akaona manambala a kwawo, mudzapeza okuthandizani kumenyera bajeti ku Nyumba ya Malamulo.

Zinazo zimafuna ndalama, koma si zodabwitsa. Ngati labotale pa sukulu iliyonse sizitheka msanga, yambani ndi imodzi pa gulu lililonse la sukulu zoyandikana, yokhala ndi woisamalira wake ndiponso mankhwala obwera chaka ndi chaka, osati kamodzi pa tsiku lodula riboni. Mangani nyumba ya mphunzitsi wa sayansi musanamutumize. Ndipo mayunivesite a boma akhale ndi chaka chokonzekeretsa ana a m'ma CDSS amene akhoza bwino masamu koma sanapeze mwayi wa pulakitiko. Masomphenya a Malawi 2063 akukamba za mafakitale ndi ulimi wamakono. Amene adzayendetse zimenezo mu 2063 ali m'kalasi panopa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'sukulu ngati yathu.

Mukapeza mpata, a Nduna, dzayendereni CDSS iliyonse yakumudzi osadziwitsa, popanda kwaya yokulandirani, ndipo mudzapemphe kiyi wa kabati ya zipangizo za sayansi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa pa sukulu yoyendera