Lipoti la ulendo wa ku Eskişehir: kaliwo wa mwala woyera ndi phula la njuchi

A wapampando, a komiti ndi anzanga nonse osema,

Ndabwerako bwino ku Turkey kumene munandituma, ndipo ndalemba izi kuti amene sadzakhalapo tsiku lokumana amve nawo. Pondiperekeza munandisenzetsa funso limodzi: kodi osema akaliwo a mwala woyera aja amapaka chiyani kuti kaliwo afiirire ngati uchi, osasuluka? Ambiri a ife timayembekeza kuti kuli utoto wina umene tingagule n'kusiya polishi wa nsapato amene timadetsera ziboliboli. Ndiyambe n'kukukhumudwitsani. Utotowo kulibe. Mtundu uja suchokera kunja kwa mwala, umachokera m'kati.

Msonkhano umene ndinapitira unachitikira ku Odunpazarı, chigawo chakale cha mzinda wa Eskişehir, ulendo wa maola atatu pa sitima yothamanga kuchokera ku Istanbul. Mwalawo eni ake amautcha lületaşı, akatswiri a miyala amati sepiolite, koma dzina lofala ndi meerschaum, mawu a Chijeremani otanthauza thovu la m'nyanja. Dzinalo silinama: ukauma umapepuka moti umayandama pa madzi. Tsiku loyamba anatitengera kumudzi wa Beyazaltın, kutanthauza golide woyera, umene kale unkatchedwa Sepetçi. Kumeneko anthu amakumba maenje akuya ngati zitsime, n'kumabowola mapanga pansipo. Mwalawo sutuluka ngati thanthwe ayi. Umatuluka mibulumibulu yokutidwa ndi dothi, ina ngati dzira, ina ngati papaya, ndipo ukangotuluka kumene chikhadabo chimaukanda.

Inu amene munandituma kuti ndikubweretsereni mibulu yoti muyesere, pepani. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 boma la Turkey linaletsa kutulutsa kunja mwala wosasema. Kale mibuluyi inkapita ku Vienna, likulu la Austria, kumene kunali amisiri otchuka m'zaka za m'ma 1800, eni mwala n'kumangotsala ndi ntchito yokumba. Lamulolo ndilo linakokera ntchito yosema kwawo. Nkhani imeneyi inandikumbutsa mitengo yathu imene imachoka ili zipika, koma tidzaikamba tsiku lina.

Kusema kwake sindichulutsapo mawu chifukwa n'kwapafupi kwa munthu wozolowera phingo. Mwalawo amauviika m'madzi, ufewe, ndiye mpeni umangolowa ngati ukusenda chinangwa chachiwisi. Ukayamba kuuma amauviikanso. Palibe sompho, palibe hamala. Chovuta chimayamba akamaliza kusema.

Choyamba mwala uyenera kuuma mpaka m'kati, padzuwa kapena mu uvuni wosatentha kwambiri. Kenako amaukwecha ndi sandipepa, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala ngati nsalu. Apa ndipo ndinaona kuleza mtima kwawo. Mmisiri wina wachikulire, amene ndinakhala pabenchi pake masana onse a tsiku lachiwiri, anandibwezera kachidutswa kanga katatu. Ine ndimaona kosalala, iye amakayang'anitsa padzuwa n'kundilozera kamzere ndi nsonga ya mpeni. Kudzera mwa womasulira anandifotokozera kuti pa mwala woyera kamzereko sikaoneka lero, koma pakapita zaka mtundu umadzaunjikana m'menemo n'kukhala ngati chipsera.

Ndiye pamabwera phula la njuchi, loyeretsedwa mpaka kukhala mbee. Amalisungunula m'poto pamoto wochepa. Phulali limasungunuka likafika madigiri 62 mpaka 64, ndipo akalitenthetsa mopitirira limada n'kudetsa mwala. Mabowo onse a kaliwo amawatseka kuti phula lisalowe moika fodya. Akamumiza, timathovu timatuluka m'mwalamo, fwaa, umboni woti mpweya ukuchoka ndipo phula likulowa. Akamuvuula amamuimika kuti phula lotsala lidonthe, azizire, kenako amamupukuta ndi nsalu yofewa mpaka awale ngati mnyanga wa njovu. Amisiri akale a ku Ulaya ankagwiritsanso ntchito mafuta olimba ochokera m'mutu mwa namgumi, koma zimenezo zinatha.

Pamenepa ndinachita manyazi. Kachidutswa kanga katangovuulidwa, ndinakatola kadakali kofunda ndi zala zimene ndinali nditangogwirira pensulo ndi fumbi la pabenchi. Chala chachikulu chinadinda pamenepo ngati cha pa chiphaso. Mkulu uja anaseka mpaka kutsokomola. Kachidutswako ndabwera nako, mudzachiona chidindocho.

Tsono mtundu umabwera motere. Mwalawu uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo umamwa ngati siponji. Munthu akamasuta, chikonga ndi mafuta a fodya zimalowa m'mwalamo n'kumayenda pang'onopang'ono kulowera kunja. Kutentha kwa kaliwo kumafewetsa phula lija, ndipo phulalo limagwira mtunduwo pamwamba kuti uoneke. Kaliwo amayamba kuoneka ngati mkaka wa zonona, kenako wachikasu, kenako ngati uchi, mpaka pomaliza wofiirira moderako ngati tiyi wopanda mkaka. Kawirikawiri khosi ndilo limayamba, chifukwa utsi umazizirira m'menemo n'kusiya madzi ake, pamene kukamwa kwa mbale yoika fodya kumachedwa poti moto umathamangitsa phula. Ndi ntchito ya miyezi kuti uone kusintha, ndi ya zaka kuti afiirire yense. M'nyumba yosungira zosema za mwalawu, pa mzikiti wakale wa Kurşunlu pomwepo ku Odunpazarı, komanso m'mashopu a pa msika wa Atlıhan, ndinaona oyera mbee ataikidwa pafupi ndi ofiira, munthu osakhulupirira kuti ndi mwala umodzi. Ine sindisuta, ndipo ndinawauza mosabisa kuti mafuta a fodya okongoletsa mwalawo ndi omwewo amene amadetsa mapapo. Sanatsutse.

Panali mkangano umene unatenga pafupifupi m'mawa wonse wa tsiku lomaliza: kodi kaliwo wotentha agwiridwe ndi manja? Achikulire amati ayi, gwira ku mpini kokha, ndipo anakumbutsa kuti akale ankasoketsa kachikopa kofewa kokutira mbale yonse kapena kuvala magolovesi. Achinyamata amati bola manja akhale osamba. Ine, ndi chidindo changa chija m'thumba, ndinakhala kumbali ya achikulire. Zimene onse anagwirizana n'zakuti m'mbale musasiyidwe chikhokho cha makala monga amachitira ndi kaliwo wa mtengo, chifukwa chikhokho chikatentha chimafufuma n'kung'amba mwala. Kuti kunja kusapukutidwe ndi mowa waukali poti umachotsa phula. Ndiponso kuti kaliwo akayamba kuoneka wouma amamufunditsa pang'ono n'kumupakanso phula ndi kaburashi, ndipo mtundu umene unabisala umatulukira pomwepo.

Achidule nawo alipo. Ena amathira utoto m'phula kuti kaliwo watsopano aoneke wakale. Ena amamutsekera m'botolo n'kumauziramo utsi, koma mtundu wotero umangokhala pakhungu. Ena amapera zinyenyeswa, kusakaniza ndi zomatira, n'kuumba mibulu imene imalemera kuposa weniweni ndipo simwa bwino. Anatisonyeza kayesedwe kake: nyowetsa chala, khudza m'mbale ya kaliwo wosasutidwa. Weniweni amamwa malovuwo msanga ndipo chala chimakakamira. Sanakane kupaka utoto. Chimene amadana nacho n'kusamuuza wogula. Ndinakhala chete pamenepo, poganiza za mitengo yoyera imene ena mwa ife timaidetsa ndi polishi n'kuuza alendo kuti ndi phingo.

Atamva kuti ndine wa ku Malawi anandifunsa za Tanzania, ndipo ndinapeza kuti iwo amadziwa za anansi athu kuposa ine. Mwala womwewu unkakumbidwa ku Sinya, pafupi ndi nyanja ya Amboseli m'malire a Kenya ndi Tanzania, ndipo ku Arusha kunali fakitale ya Tanganyika Meerschaum Corporation imene inkapanga akaliwo otchedwa Kiko. Wa kumeneko ndi wolemererapo komanso wosayera kwenikweni, n'chifukwa chake ambiri ankawadetseratu ku fakitale, ena achikasu, ena ofiira, ena akuda kukamwa. Anandisonyezanso kaliwo wa chikho: mphonda yopindika khosi, luso lochokera ku South Africa, yoikidwa mbale ya meerschaum pamwamba. Mphonda zotero ife timangomwera thobwa.

Nanga ife titengepo chiyani? Mtengo sungafiirire kuchokera m'kati ngati mwalawu, choncho zimenezo tiiwale. Koma phula lotentha tingaliyese. Alimi a njuchi ambiri kwathu akafinya uchi amataya zisa, ndiye sitingalisowe. Ndikupempha komiti ilole kuti tigule phula lochepa, tiliyeretse, ndipo anthu atatu ayesere pa tinthu tating'ono ta mitengo yoyera, monga masipuni ndi ndolo, kuti tione ngati kuwala kwake kungapirire chinyezi cha dzinja. Ndikupemphanso kuti nkhani yotchula mtengo dzina lake lenileni pogulitsa ilowe pa mndandanda wa zokambirana, ngakhale ndikudziwa kuti ena mundiyang'ana ndi diso lofiira.

Malisiti onse a ulendo ndapereka kwa msungichuma. Ndagulanso kaliwo mmodzi woyera wosasutidwa kuti akhale wa gulu. Amene mufune kumugwira tsiku la msonkhano, beseni la madzi ndi sopo zidzakhala pakhomo.